Girizi wofiira wa a Kalisto

Mwezi uno a Kalisto akwanitsa chaka ali m'manda omwe ankawatchetcha ataima kunja kwa mpanda. Tsiku limene tinawaika, anthu ena poona nkhope anachedwa pabokosi kuposa mmene timachitira. Ankayang'ana manja amene anagwira kolona. Zikhadabo zinali zakuda monga masiku onse, poti amene anasambitsa thupi sanathe kuchotsa girizi wa zaka zambiri. Mayi wina amene anali patsogolo panga anakoka mnzake chitenje kuti naye aone.

Sanali achibale athu. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, kungodutsa munda wa chinangwa, m'mudzi mwathu kufupi ndi Mongue. Akazi awo anamwalira ine ndisanabadwe. Ndinkawaitana agogo monga ana onse, koma iwo dzina langa sankalitchula. Ankangoti mwana wa Fatima.

Sankakhulupirira munthu, ndipo sankabisa. Ukawapatsa moni, ankayamba ayang'ana zimene wanyamula, kenako n'kuyankha. Ukabwereka sipanala, ankabwera nayo okha, n'kukhala pachitsa kukuyang'anira mpaka umalize, n'kubwerera nayo. Ali anyamata ankakonza makina kufakitale ya tiyi ku Milange. Nthawi ya nkhondo anawoloka mtsinje wa Ruo kupita kutsidya kwa malire n'kukhala zaka zingapo akukonza zigayo cha ku Muloza, ndipo kumeneko munthu amene ankadya naye mbale imodzi anawathawira ndi thumba lonse la zida. Nkhani imeneyi ankaikamba kawirikawiri, nthawi zonse mofanana. Akafika pa dzina la munthuyo ankasiya Chinyanja n'kutukwana m'Chilomwe.

Makina otchetchera udzu anabwera ndi apadiri athu. Inali mphatso yochokera kwa abale awo kunja, ndipo inabwera mkhristu wina atalumidwa ndi mphiri akutchetcha ndi chikwakwa kumtsetse wa kuseri kwa kapela. Anali makina afupi, ofika m'mawondo, oyenda pa malamba awiri a mphira m'malo mwa mawilo. Pamwamba panali injini ya petulo, pansi pamimba mipeni. Analibe chogwirira, analibenso mpando. Woyendetsa ankaima patali atagwira kabokosi ka timitengo tiwiri kamene tonse tinkangoti komando, ndipo makinawo ankapita, kukhota ndi kubwerera ngati akumva mawu.

Apadiri anapereka makinawo m'manja mwa a Kalisto chifukwa panalibe wina wodziwa m'kati mwa injini. Anawapatsanso kanyumba ka malata kuseri kwa kapela kuti kakhale ofisina yawo, malo okonzeramo makina. Komando ankaimangirira chingwe n'kuivala m'khosi, m'kati mwa malaya. Ngakhale akamapita kukalandira Ukaristia, pachifuwa pawo pankaoneka potupa.

Kutchetcha kunkatenga ola limodzi kapena awiri, koma kusamala makina kunkadya masana onse. Akabwera nawo ankayamba achotsa chingwe cha pulagi, poti ankanena kuti mipeni ija sidziwa dzanja la amene amaisamala. Kenako ankapala udzu wokakamira pansi ndi kathabwa, kunola mipeni ndi tupa, kukutumula fumbi m'sefa ya mpweya, kudina malamba ndi chala chachikulu kuti amve ngati alimba, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukanunkhiza. Girizi ankabwera pomaliza, makina akadali ofunda. M'mbali mwa timagudumu toyendetsa malamba munali timilomo ta chitsulo tating'ono ngati njere za nandolo. Kalikonse ankayamba akapukuta ndi nsanza, chifukwa mchenga ukalowa pamodzi ndi girizi umapera chitsulo m'kati. Ndiye ankapopa ndi pampu yake pang'onopang'ono mpaka girizi wakale, wakuda, atayamba kutuluka m'mphepete. Wakudayo sankamutaya. Ankamupala ndi supuni yakale n'kumusunga m'kachitini kena kuti adzapake mahinjesi a zitseko ndi wilibala.

Girizi watsopano anali wofiira. Wa m'magolosale athu amakhala wachikasu kapena wotuwa. Uyu apadiri ankachita kuitanitsa kumzinda, ndipo kuno palibe wina anali naye.

Anakanganapo ndi apadiri amene. Tsiku lina anawapeza atanyamula ndowa ya madzi kuti atsuke matope pamakina, ndipo anawalanda ndowayo pamaso pa ife a kwaya.

"Bambo, inu muzibatiza ana," anatero. "Awa ayi. Ali ndi mawaya."

Apadiri anaseka. A Kalisto sanaseke, ndipo sabata yonse ankatsegula kachitseko ka mawaya m'mawa uliwonse kuona ngati madzi sanalowemo mwakuba.

Anakangananso ndi Zeka, mnyamata wa kabaza amene amanyamula anthu panjinga kupita kumsika ndi kuchipatala. Zeka anawabweretsera botolo la oyilo amene anati ndi watsopano, wochokera ku Muloza. Iwo anadontheza pang'ono pachala, n'kutikita, n'kunena kuti oyilo ameneyu anagwirapo kale ntchito m'chigayo, wina wangomusefa pansalu. Zeka analumbira mpaka kutchula malemu mayi ake. A Kalisto anam'bwezera botolo. Kuyambira tsiku limenelo, Zeka akamadutsa a Kalisto ankatseka chitseko cha ofisina ngakhale iwo ali m'kati.

Madzulo aliwonse asanapite kwawo ankasesa mozungulira ofisina yonse, akuyenda chafutambuyo kuti asasiye phazi lawo. M'mawa ankafika n'kuyamba awerenga dothi. Ankadziwa nsapato za pafupifupi aliyense. Koma ofisinayo inali ndi windo limodzi la zitsulo lopanda galasi, ndipo chitini cha girizi wofiira chinkakhala pashelefu pansi pa windolo, pamene mkono wa munthu unkafika. M'tsinde mwa khoma munali miyala yotchinga madzi a padenga. Munthu woponda miyala yokhayokha sankasiya phazi.

Anyamata a njinga sanachedwe kuzindikira kuti girizi ameneyu sachoka ndi mvula. Ine ndinatengako kamodzi. Njinga ya mayi anga, imene ndimanyamulira nyemba kupita kumsika, inkalira gudumu la kutsogolo moti anthu ankandimva ndisanaonekere, ndipo kupempha ndinkaopa. Ndinapita masana, a Kalisto ali kumsonkhano wa akuluakulu a mpingo. Ndinaponda miyala, n'kulowetsa mkono, n'kusuntha chivindikiro. Pachitinipo panali chithunzi cha thirakitala ndi mawu a Chipwitikizi amene ndinatha kuwawerenga, onena kuti ndi girizi wa makina a kumunda. Nditatapa ndi zala ziwiri n'kupaka patsamba la nthochi, m'pamene ndinaona kuti pamwamba pa girizi panali posalazidwa bwino ndi kumsana kwa supuni, ndipo ine ndinali nditasiyapo mizere iwiri. Ndinayesa kusalaza ndi chala, koma zinangoipiraipira.

Kwa masabata angapo ndinkadikira kuti andiitana. Sanandiitane. Moni wanga ankayankha monga kale, atayamba ayang'ana zimene ndanyamula.

Manda athu ali pamtsetse womwe uja. Kwathu kuno munthu salowa kumanda yekha, ngakhale akhale mkhristu wotani. Timalowa pamaliro, ndiponso sabata yolambula tikamayandikira tsiku la Finadu, lokumbukira akufa, ndipo timalowa tonse pamodzi. Koma udzu umakula nthawi ya mvula, ndipo adzukulu okumba manda ankadandaula njoka. Apadiri atafunsa chochita, a Kalisto anapeza njira yawo. Ankatsegula chipata, makina n'kulowa, iwo n'kuima kunja kwa mpanda wa khonje ndi komando m'manja. Wina akawayang'ana mokayikira ankaloza mapazi awo, kuti aone kumene aima.

Chaka choyamba anthu ankabwera kudzaonerera n'kumaseka. Mvula yachiwiri kunamwalira a Bonifasiyo, amuna awo a mai Jasinta, ndipo tinawaika chakufupi ndi chipata. Patapita masabata atatu manda awo anatitimira mbali imodzi. Wina wodutsa anasuzumira pampanda n'kuona mizere ya malamba a makina pambali pake. Masiku omwewo ana amene ankasuzumira kuofisina anafotokoza kwawo zimene ankaona: makina akabwera kuchokera kumanda, agogo amagwada pambali pake, mafuta akuda amatuluka m'mbali, iwo n'kumapala ndi supuni kuika m'chitini.

Sindikudziwa amene anayamba kulumikiza ziwirizi. Ndinangomva pachitsime kuti makinawo sapita kumanda kukatchetcha, amapita kukayamwa mafuta a anthu akufa, ndipo a Kalisto amawakama akabwera. Ofiira ndi a maliro atsopano, akuda ndi a akalekale. Anthu anakumbukiranso kuti munthuyu anakhalitsa kutsidya, kuti amakhala yekha, kuti amavala chinthu m'khosi chimene safuna wina achikhudze. M'kapela benchi yawo inayamba kutsala ndi iwo okha. Mayi anga anandiuza kuti ndisamadutsenso m'munda wa chinangwa, ndizizungulira.

Amene tinkadziwa kuti uja ndi girizi wamba tinalipo ambiri. Koma aliyense wa ife anadziwa chifukwa cholowetsa mkono pawindo. Tinakhala chete tonse, ndipo pachitsime ine ndinkangogwedeza mutu monga enawo.

Nkhani inaphulika Lamlungu lina apadiri atapita kukachita misa kunthambi ina ya parishi. Mapemphero atatha, sekeretariyo wa mudzi anaitana anthu pansi pa mango pabwalo la kapela. Anyamata anayi anaima chapambali, mmodzi atagwira botolo la petulo, ndipo Zeka anali pakati pawo. Zofuna zawo zinali ziwiri: makina awotchedwe, ndipo a Kalisto abwerere kutsidya kumene anaphunzira zimenezi.

Mai Jasinta anayankhula atakhala pansi, osakweza mawu.

"Ine za makina sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti amuna anga tinawakwirira bwino, lero atitimira mbali imodzi. Ndiuzeni, a Kalisto, chachoka m'menemo n'chiyani?"

A Kalisto anapempha kuti apite kuofisina, ndipo sekeretariyo anatuma amuna awiri kuti awaperekeze. Anabwera ndi zitini ziwiri n'kuzitsegula pakati pa bwalo. Amene anali kutsogolo anasendera m'mbuyo, amayi ena n'kuphimba mphuno ndi zitenje.

"A mesitire, fotokozani," anatero sekeretariyo kwa a Kalisto, poti amisiri timawaitana choncho.

M'malo mofotokoza anatembenuka n'kupita kukhoma la kapela, kumene njinga zathu zinatsamira mondondozana. Anagwira chishalo cha yoyamba.

"Iyi nja ndani?"

"Yanga," anatero Zeka.

Anawerama, n'kupisa chala pakati pa gudumu la kumbuyo, n'kuchikweza m'mwamba. Chinali chofiira.

"Unam'gula golosale iti ameneyu?"

"Ku Muloza."

"Ku Muloza komwe kuja kwa oyilo?"

Wina anaseka kumbuyo n'kudzigwira pakamwa. A Kalisto anayenda ndi chala chija mpaka pamene panaima Zeka.

"Tamvera, Zeka. Ngati awa ndi mafuta a anthu akufa, ndiye kuti iwe wakhala ukunyamula amayi apakati kupita nawo kuchipatala pa mafuta a a Bonifasiyo, ndipo petuloyo ayambire panjinga yakoyo. Sankha wekha. Ndi mafuta a akufa, kapena unaba girizi wa parishi?"

Zeka anayang'ana anzake. Anzake anayang'ana pansi.

"Ndi girizi."

"Sindinamve. Makutu anga anatha ndi zigayo."

"Ndi girizi, agogo. Ndinatapa pawindo."

A Kalisto anabwerera kukhoma. Njinga yachiwiri inali ndi girizi wotuwa, anaidutsa. Yachitatu inali ya amene anagwira botolo la petulo, ndipo chala chinatuluka chofiira. Ya mwana wa akatekisita chimodzimodzi. Atafika pa ya sekeretariyo n'kukweza chala, mwini wake anatsokomola n'kunena kuti njingayo amakonda kuibwereka mphwawo. Pa njinga iliyonse ya girizi wofiira a Kalisto ankatchula mwezi umene mwini wake anatapa, ndi kuti anagwiritsa zala zingati. Palibe anatsutsa.

Ya mayi anga inali yomaliza pamzere. Ine ndinali nditakhala pakati pa atsikana a kwaya. Ndinkadziwa kuti ndikuyenera kuima ndisanaitanidwe, koma sindinaime. A Kalisto anagwada pagudumu la kutsogolo, n'kupisa chala. Chinatuluka chofiira. Ine ndinachiona, ndipo iwo atadzutsa mutu anaona kuti ndachiona. Anachipukutira kumbuyo kwa thalauza.

"Iyi nja Fatima," anatero. "Ndi youma. Mwini wake ndi waulesi."

Kenako anatulutsa komando m'malaya n'kuitana makina kuchokera kuofisina mpaka pakati pa bwalo. Anawazimitsa, n'kuchotsa chingwe cha pulagi, n'kupukuta kamlomo kamodzi, n'kulumikiza pampu. Anaitana mnyamata wa petulo uja kuti apope yekha. Atapopa katatu, girizi wakuda anayamba kutuluka m'mphepete.

"Mwaona? Wakudayu ndi wofiira yemweyu atatopa. Wina akalowa, wina amatuluka. Kumanda sikuchoka kanthu."

Anthu anayamba kuyankhulana, ena kuseka Zeka, ena kudzuka. Ndinaganiza kuti zatha. Koma mai Jasinta anali asanasunthe.

"Za girizi ndamva," anatero. "Nanga manda?"

A Kalisto anayamba kupukuta pampu imene inali yopukuta kale.

"Mayi, pamenepo wolakwa ndine. Ndikaima kunja sindiona zimene zili pansi pa udzu. Lamba linadutsa m'mphepete mwa manda, dothi lili lofewa ndi mvula. Ndinaona mizere ija tsiku lomwelo, koma ndinaopa kulowa ndekha, ndinaopanso kukuuzani."

Ndinali ndisanawamvepo akuvomera kulakwa, ndipo sindinadzawamvenso. Anapempha kuti adzukulu alowe nawo m'mawa mwake ndi makasu, ndipo analowa n'kukonza mandawo mai Jasinta akuona. Kuchokera pamenepo, pa manda atsopano alionse adzukulu amazika nsungwi yaitali yomangirira kansalu koyera, kuti woima kunja aziona pofunika kutalikira. Petulo uja anathera m'makina momwemo, a Kalisto atayamba amununkhiza.

Sikuti anthu onse anasiya kukayikira. Ena ankati munthu wodziwa mwezi umene unatapa girizi ndi zala zimene unagwiritsa si munthu wamba. Mai Jasinta ankayankha moni wawo, koma khasu lawo sanalitumizenso kuti akawanolere. Benchi ija inadzaza pang'onopang'ono, kuyambira kumapeto.

Patapita sabata ndinadutsa m'munda wa chinangwa ndikukankha njinga, ndipo ndinapeza a Kalisto ataima panjira.

"Mwana wa Fatima, ima."

Ananyamula kutsogolo kwa njinga, n'kuzunguza gudumu, n'kutchera khutu.

"Unapaka wambiri. Wotsalira kunjayu amakoka mchenga. Pukuta."

Anandipatsa nsanza. Ndinagwada n'kupukuta, koma sindinapepese. Nditamaliza anatenga nsanza yawo, n'kuiyang'ana mbali zonse ziwiri, n'kuipinda, n'kupita. Nkhaniyo sanaikambenso mpaka imfa yawo, ndipo ine sindinaiuze munthu, ngakhale mayi anga, kufikira pano.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse. Munthu amene ankatsatira sipanala yake mpaka pakhomo pa wobwereka anasiya chitini pawindo zaka ziwiri, akuona mizere ya zala m'mawa uliwonse, ndipo sanachisunthe ngakhale msonkhano uja utatha. Masiku ena ndimati ankadziwa kuti njinga zathu zimalira ndipo kupereka ndi dzanja sankatha. Masiku ena ndimati ankatidinda chizindikiro mmodzimmodzi, kusungira tsiku limene tidzawatembenukire. Za njinga ya mayi anganso sindidziwa ngati anandimvera chisoni, kapena ankafuna kuti m'mudzi mukhale munthu mmodzi amene akawaona aziyang'ana pansi.

A Kalisto atayamba kudwala, apadiri anawapempha kangapo kuti aphunzitse mnyamata mmodzi. Dzina lililonse limene linatchulidwa analipezera chifukwa. Uyu ali ndi manja othamanga, uyu amaseka akugwira ntchito, uyu anatapa ndi zala zitatu. Mankhwala a kuchipatala ankayamba awanunkhiza. Komando anaivula tsiku lomaliza, n'kuipereka kwa apadiri, n'kuwauza kuti asaiyandikize kumadzi.

Chaka chino udzu wa kumtsetse tinatchetcha ndi zikwakwa. Apadiri anayesa kuliza makina kawiri, injini inakana, ndipo akuti akudikira munthu wochokera ku Milange. Pamanda a a Kalisto nsungwi ija ikadalipo, kansalu kake kasanduka kotuwa.

Dzulo ndinapita kuofisina. Palibe amene wasesapo, ndipo pakhomo pali mapazi a nkhuku ndi a mbuzi okhaokha. Ndinapeza kuti ndikupondabe miyala. Ndinasuzumira pawindo. Makina ali pakati atafunditsidwa lona, mbali imodzi lamba likuoneka, ndipo m'timagudumu mwake mwayamba dzimbiri. Chingwe cha pulagi chikulendewera monga a Kalisto anachisiyira. Tupa, pampu ndi supuni zili pamisomali yake, ndipo nsanza ili yopinda pamwamba pa wilibala. Chitini chili pashelefu pomwe paja pansi pa windo. Chivindikiro chinagwera pansi, mwina ndi makoswe. Pamwamba pa girizi pagwa fumbi, koma m'posalala monga anasalazira ndi supuni tsiku lomaliza. Mkono wa aliyense ukhoza kufika, ndipo chaka chathunthu palibe chala chalowamo.